Guluu wa kapeti pa zitenje za agogo

Anzanga akakumbukira agogo awo amati amamva fungo la utsi wa nkhuni. Ine ndimamva fungo la guluu wopopera, lobaya m'mphuno ngati petulo, litadzaza chipinda chapansi cha nyumba yathu ku Hamilton, kuno kudziko la azungu, mawindo ali chitsekere chifukwa kunja kunkazizira moti makutu ankachita dzanzi, makina otenthetsera m'nyumba akung'ung'udza pakona, agogo anga aamuna atagwada pasimenti, mawondo akulira ngati chitseko chakale.

Agogowo anali telala. Moyo wawo wonse anasokera pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo agogo aakazi atamwalira, amayi anawaitanitsa kuti adzakhale nafe. Anafika ndi sutikesi imodzi. Munalibe ngakhale juzi. Munali zitenje za mkazi wawo zokhazokha, zina zitatuwa m'mopinda, zina zikununkhirabe sopo wa kwathu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, koma matenda anga a kunenerera anali atayamba kale. Lero ndimagulitsa magalimoto akale ku Etobicoke, ndiye mukuona nokha kuti sindinachire. Agogo ankanditchula kuti "wondilanda mkazi", chifukwa ndili wamng'ono kumudzi agogo aakazi ankandiitana kuti amuna anga.

Mayi Doreen, mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana nafe, ndi amene anawaonetsa chofunda cha zigamba: pamwamba tinsalu tolumikiza, pakati thonje, pansi nsalu imodzi yaikulu, zonse zitatu zosokedwa pamodzi. Agogo anachitembenuza, anachinunkhiza, anayang'ana msoko wake, n'kunena kuti, "Akaziwa amasoka bwino, koma kona yawavuta." Mawa lake anayamba kudula zitenje zija.

Anasoka miyezi itatu. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ulusi ankaulowetsa m'singano mongopapasa, koma msoko unkawongoka ngati wojambula ndi rula. Tsiku lina anandiuza osadzutsa mutu pa makina osokera amene amayi anawagulira, "Ndimalize ichi maso asanatsekeretu. Chikatha, ndizifunda mkazi wanga, iwe uzingoonerera."

Chansalu chapamwamba chitatha chinali chachikulu kuposa bedi la anthu awiri. Vuto linali loti nsalu zitatuzo zimaterereka, ndiye musanazisoke pa makina muyenera kuzigwirizitsa kaye. Kuyendetsa ulusi pamanja, chogwada tsiku lonse, mawondo a agogo anakana. Mayi Doreen analemba pakapepala dzina la guluu wopopera wa osoka, amene amangogwira pang'ono, mukalakwitsa mumanyamula nsalu n'kuyalanso, ndipo mukachapa amachoka. Analembanso thonje lenileni. Amayi anali kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, choncho amene anakwera basi ndi kapepalako ndinali ine.

Kusitolo ya nsalu nditaona mtengo wa kachitini kameneko, ndinamva ngati munthu wandiponda chala. Ndinatuluka n'kupita kumsika wa zinthu zakale umene unkachitika Loweruka. Kumeneko bambo wina wogulitsa penti ndi misomali anali ndi chitini chachikulu kawiri.

"Chimamata nsalu?" ndinafunsa.

"Chimamata chilichonse, mnyamata. Ngakhale apongozi."

Ndinanenerera, ndinachita ngati ndikuchoka, ndinabwerera, mpaka bamboyo anatopa nane n'kundiwonjezera mpukutu wa zoyera zofewa zimene amaika m'mapilo. Ndinayenda ngati ndagula mzinda wonse. M'basi ndinawerenga pachitinipo. Panalembedwa kuti ndi guluu womatira kapeti, ndipo akagwira samatukanso. Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinakanda pepalalo ndi chikhadabo mpaka linachoka, n'kudziuza kuti guluu ndi guluu basi.

Masana amenewo tinayala nsalu yapansi pasimenti, tinaikoka m'makona n'kuimata ndi selotepi. Titayala zoyera zija, zinali ndi mapiri m'mopinda monse. Agogo anazisisita ndi chikhatho.

"Thonje la kunoli likuterera ngati pulasitiki bwanji?"

"Ndi lamakono, agogo."

"Eya, zonse kuno n'zamakono. Ngakhale nkhuku."

Anagwedeza chitini n'kuyamba kupopera. Poti sankaona nkhungu imene inkatuluka, ankapopera mpaka dzanja litamva kunyowa. Kenako tinagwira nsalu ya zigamba, iwo uku ine uko, n'kuitsitsa kuyambira pakati. Pakatipo anali ataikapo chitenje chobiriwira cha mbalame zoyera, chimene agogo aakazi anavala tsiku limene anabwera pakhonde paja kudzasoketsa diresi, asanadziwane. Khwinya lalikulu linadutsa pa mbalamezo, kuchokera kona ina kufika ina.

"Nyamula uko, tiyalenso," anatero agogo, mtima uli m'malo.

Sinanyamuke. Tinakoka pang'ono, tinakoka kwambiri, zoyera zija zinang'ambika n'kutsalira kumbuyo kwa nsalu ngati ndevu. Madontho achikasu anayamba kutulukira pamwamba, limodzilimodzi, pa mbalame, pa maluwa, pa chitenje cha kumpingo. Iwo sankawaona bwino. Ine ndinkawaona onse.

"Tenga simbi. Zaka zonsezi sindinaonepo khwinya lokana simbi."

Ndinkadziwa kuti pulasitiki ndi moto sizigwirizana. Ndinapita kukatenga simbiyo. Atangoikhazika, panamveka kuti tswee, fungo linasintha, ndipo pakati ponse panauma gwa ngati chikopa choyanika padzuwa. Anayesabe kuika pa makina. Singano inkatuluka itamata zakuda, ulusi unkaduka isanayende utali wa chala, ankaipukuta, ankalowetsanso ulusi mopapasa, unkadukanso. Kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi anazimitsa makina n'kukakhala pamasitepe.

"Manja awa atha, wondilanda mkazi," anatero motsitsa mawu. "Ndapopera mopitirira, ndawotchanso. Mkazi wanga ndamuwononga ndekha."

Mawa lake Mayi Doreen atabwera anagwira pouma paja, anapukusa mutu, n'kupempha kuti aone chitini. Ndinati ndataya. Chinali pansi pa bedi langa, m'chikwama cha kusukulu. Agogo anandiuza kuti ndiwamasulire mayiwo m'Chingelezi kuti asavutike, wolakwa ndi telala wokalamba amene sakudziwa nthawi yosiyira ntchito. Ndinamasulira bwinobwino, osasiya liwu.

Tinayesa kuchiviika m'madzi otentha, tinayesa sipiriti, amayi anayesa sopo wa mitundumitundu. M'mbali munamatuka pang'ono, pakati ayi. Agogo anavundikira makina awo ndi thaulo, ndipo sanawavundukulenso. Ngakhale batani la malaya awo likathothoka ankapatsa amayi. Ankangokhala pawindo, manja ali pamiyendo, kumvetsera mabasi akudutsa.

Ine, munthu wapakamwa ngati ine, amene ndikhoza kukugulitsani galimoto yopanda giya yobwerera m'mbuyo inu n'kundithokoza, ndinakhala zaka khumi ndi chimodzi osatha kunena mawu ochepa chabe. Ndinawanena agogo ali kale kunyumba yosamalira okalamba, maso atatsekeratu, ndikuwadula zikhadabo.

"Agogo, guluu uja anali wa kapeti. Thonje lija silinali thonje. Ndinagula kumsika wa zakale, ndipo ndinawerenga pachitini. Ndinkadziwa."

Anatembenuzira nkhope kwa ine.

"Unanenerera?"

"Ndinanenerera."

"Anakutsitsira?"

"Kwambiri, agogo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinawapatsa madzi. "Mbava iwe. Mkazi unandilanda, zitenje zakenso." Atapuma anafunsa ndi mawu ena, aang'ono, "Ndiye kuti manja angawa analibe vuto?"

"Analibe."

Anawakweza pamaso pawo, anawatembenuza uku ndi uku ngati akuwaona, zala zikuyenda pang'onopang'ono ngati zikukankha nsalu pansi pa singano.

"Ndikanasokako chaka china chimodzi," anatero.

Sanakalipe, ndipo sanabwerezenso nkhaniyo mpaka tinawaika m'manda chaka chotsatira. Chofundacho chili kwanga, sichipindika bwino, chimalira ngati katoni. Ine ndimadziwa kumene kumapezeka chilichonse motchipa mumzinda uno, matayala, mafiriji, masuti a ukwati, ngakhale bokosi la maliro ndinanenerera. Chaka chimodzi chija ndiye ndasowa kokachigula.