Zitenje zotchinga mwera

Makina anga atsopano owotcherera, aja amati MIG, ndinafika nawo pa Namitete nditawakumbatira pamiyendo ngati khanda. Kondakitala ankafuna kuwaponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a mtedza, ine ndinakana kwamtuwagalu. Zaka zonsezi ndinkadalira makina opanga tokha, a waya wokulunga m'bokosi la matabwa. Ngolo, mageti ndi makasu ankatha bwinobwino, koma wobwera ndi chinthu cha aluminiyamu ndinkangomubweza.

Atsopanowa ukangodina, waya amatuluka yekha, mpweya wa m'silinda n'kumaphimba pamene ukuwotcha. Madzulo omwewo, kunja kuli bata, ndinawayesa pa chitsulo. Msoko unatuluka wosalala, wosafuna kugogoda. Ndinaseka ndekhandekha mpaka mkazi wanga anadzasuzumira.

Mbiri inawanda msanga. M'mawa mwake kunafika mayi wina woweta ng'ombe ya mkaka, atasenza chigubu cha aluminiyamu chong'aluka pansi. Kogulitsa mkaka salandira wa m'ndowa yapulasitiki, choncho wake unkangosasa pakhomo. Amisiri onse anali atamukana, inenso ndemwe.

"Bambo, akuti mwagula dokotala, eti? Wodwala ndi uyu."

Ife timawotcherera panja, m'mbali mwa msewu, kuti odutsa aziona moto. Kashopu kanga n'kongosungiramo zitsulo. Ndinasintha waya, n'kuyamba ntchito mwamatama, anthu atandiunjirira. Koma unali Julaye, mwera ukuwomba. Msoko unatuluka wakuda, wodzaza timabowo. Ndinapala, kuyesanso, chimodzimodzi. Mantha anandigwira, poti aluminiyamu ukamukakamiza amangosungunuka, ndipo mayiyu analibe chigubu china.

"Ndi mphepoyi, mayi," ndinatero nditakumbukira chenjezo la amene anandigulitsa makinawo. "Ikuuluza mpweya wanga."

Mayiyo anapita kwa anzake ogulitsa tomato, n'kuwanong'oneza. Ndinangoona amayi akumasula zitenje zapamwamba, akundizungulira, aliyense atatambasula chake kumsana, nkhope atalozetsa kumsewu, monga amachitira mnzawo akachira panjira asanafike kuchipatala.

"Musayang'ane motowu!" ndinawachenjeza.

"Izi ife timazidziwa, bambo. Inu limbani mtima, kankhani basi!"

Gulu lonse linafa nalo phwete. Ine m'kati muja, mphepo ili zii, ndinadina. Makina analira mofatsa, msoko n'kuyenda woyera mbee kuchokera uku kukafika uko. Chigubu chitazizira ndinathiramo madzi mpaka pakamwa, n'kuchiimika pa simenti. Tinadikira. Pansi panali pouma.

"Kodi ndi mwana wanji?" anafunsa mmodzi wa amayi aja asanacheuke.

"Wamkazi, wonenepa!" anakuwa mwini chigubu, nthungululu n'kugundika mpaka a kabaza anaima kudzafunsa kuti wabadwa ndani. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku limene ndinagula makinawo.

Kutacha ndikutsegula shopu, ndinamva belu la njinga. Anali mayi uja, chigubu chili kumbuyo chodzaza, akuthamangira kogulitsa mkaka. Sanaime, anangondikwezera dzanja. Ndinatuluka kukayang'ana m'fumbi momwe anadutsa, ndipo munalibe ngakhale dontho.