Achemwali Anga, Mayi Tsekabuku

Bambo Mfumu atandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu achemwali anga m'kalata ya parishi ino, anati palibe wowadziwa kuposa ine. Ananena zoona. Ndinawayang'anitsitsa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, pakuti munthu wansanje sachotsa maso pa mnzake.

Iwo anali oyamba kubadwa, ine wotsiriza. Mayi athu atamwalira, achemwali ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anasiya sukulu chaka chathunthu kuti andilere. Ndi iwo anandiphunzitsa kupemphera, ndi iwonso anandigwira dzanja polemba zilembo zanga zoyamba patebulo la kukhitchini. Alendo akabwera ankawayang'ana n'kunena kuti, "Mwana uyu ndi mngelo." Akatembenukira kwa ine ankangoti, "Wakulatu iwe." Nsanje yanga inamera pamenepo.

Tonse tinadzakhala aphunzitsi pasukulu imodzi, zipinda zathu zolekanitsidwa ndi khoma limodzi. Ine ndinkaphunzitsa malamulo a chiyankhulo, iwo kusanthula mabuku a nkhani zazitali kwa ana a zaka khumi ndi ziwiri kapena zitatu. Tsiku lililonse ankayamba ndi Misa ya m'mawa, n'kufika kusukulu ine ndisanafike, ngakhale ndinkakhala pafupi.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere. Masamba omaliza a buku la mwana aliyense ankawapana ndi pegi yoyanikira zovala, kuti asasuzumire mathero. Ankawerenga mokweza, ndipo nkhani ikafika pothina, mwina mwana wothawa kwawo wabwerera ndipo wagwira chitseko, ankatseka buku, phaa!

"Aaa, madamu!" kalasi yonse inkadandaula.

"Musandiuze zomwe zichitike," ankatero. "Ndiuzeni mmene mtima wanu ulili. Ukugunda? Ndi mawu ati augunditsa? Ndilozereni."

Ana ankafufuza mpaka kuloza mvula yosakata, galu amene sanauwe, nyale yothima. Kenaka ankakangana kuti pachimake pa nkhani ndi pati. Achemwali ankawauza kuti, "Pachimake si pamene pali phokoso lambiri ayi. Ndi pamene munthu sangathenso kubwerera m'mbuyo." Ana anawapatsa dzina loti Mayi Tsekabuku, ndipo ankathamangira kalasi yawo ngati kukugawidwa maswiti.

Zonsezi ndinkazimvera kukhoma, anga akuyasamula. Zinkandiwawa, ndisaname.

Chaka china ndinalembera mphunzitsi wamkulu kalata yopanda dzina. Ndinati Mayi Tsekabuku amataya nthawi ndi masewero, samaliza mabuku, ndipo ana adzalephera mayeso. Sipanathe mwezi, anawatsitsira kukalasi ya tiana toyamba kumene. Phunziro lawo anandipatsa ine.

Madzulo a tsikulo achemwali anabwera kwathu atanyamula katoni ya mapegi ndi makope awo onse. "Ukawerenga usamathamange," anandiuza. "Ambuye ndiwo akudziwa kumene akufuna choko changa." Anakhala ndi tianato zaka khumi ndi chimodzi mpaka kupuma ntchito, kutipukuta mamina, kutiyimbitsa nyimbo, osadandaula ngakhale kamodzi. Ankayendera odwala Lachitatu lililonse, Loweruka ankakolopa m'tchalitchi. Ine kudekha kwawoko kunkandipsetsa mtima koposa. Ndinawalanda kalasi, koma mtendere wawo ndinalephera kuulanda. Mapegi aja ndinawayesa, ana anga ankangowachotsa ndikatembenuka.

Atakalamba maso anachita khungu, ndipo ndinkapita masana kukawawerengera mabuku. Anthu a m'parishi ankandiyamika kuti ndine mng'ono wachikondi. Sankadziwa kuti ndinkapita ndi mawu kukhosi, n'kubwerera nawo. Ndinkaopa kuti ndikaulula, nkhope yawo ija idzandifulatira, ndipo ndinkaopanso kuti adzapita ndisanaulule.

Tsiku lawo lomaliza, atalandira masakramenti, anandipempha kuti ndipitirize buku lomwe tinaliyamba. Dzuwa linkalowa pawindo n'kugwera pabulangete. Ndinawerenga tsamba limodzi.

"Tseka buku," anatero. "Mtima wako uli bwanji?"

"Achemwali, pali chimene ndinachita."

"Pitiriza. Wafika posabwerera."

"Kalata ija ya kwa mphunzitsi wamkulu ndinalemba ndine."

Anaseka pang'ono, mpaka kutsokomola. "Tanditengera buku langa la mapemphero, ulitsegule pamene pali pepala."

Ndinalitsegula. Pepalalo linali lopindidwa kanayi, lakuda m'mphepete chifukwa chogwiridwa. Inali kalata yanga.

"Mphunzitsi wamkulu anandionetsa tsiku lomwelo, akufunsa ngati ndikumudziwa wolemba. Ndinangopempha kuti ndiisunge. Iwe, dzanja limenelo ndinaliphunzitsa ndine, ndingalisokoneze ndi la wina?"

"Nanga bwanji simunandifunse zaka zonsezi?"

"Tsamba limenelo linali lako lotsegula. Ine yanga inali kudikira." Anafufuza dzanja langa n'kuligwira. "Koma wachedwetsatu, mwana iwe. Pang'onong'ono ndikanapita osamva mathero."

Anapuma mwamtendere dzuwa lisanapendeke, korona ili m'dzanja limodzi, dzanja langa lili m'linalo. Pamaliro pawo panadzaza madokotala, amakaniko ndi amayi a pamsika, ndipo ambiri anabwera ndi pegi atapana pakolala.

Abale ndi alongo, Bambo Mfumu anati nditsirize ndi chitsanzo chomwe malemuwa atisiyira. Nachi. Kalata ija inali patsamba la pemphero lopempherera abale, ndipo tsambalo ndi lokhalo m'buku lonse lomwe linatha ndi zala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ankayamba tsiku ndi dzina langa. Nsanje sinanditheretu, ndivomere: ndikulakalaka nditamwalira mmene anamwalirira iwo. Muzindipempherera, pakuti amene ankagwira ntchito imeneyo wapita.