Chisakasa Chathu cha Mpunga ndi Nandolo

Ndinakwatiwa patatha zaka ziwiri chichitikireni njala yaikulu ija. Kwathu ku Nkhulambe mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kumudzi kwa mkazi, koma amuna anga anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina ku Phalombe, ndipo kumudzi kunalibe woti n'kumusokera tsiku ndi tsiku. Amalume ataona zimenezo analola kuti ine ndiwatsatire. Tinayenda wapansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kudzera pampata wa pakati pa mapiri, ine nditasenza dengu. M'dengumo munali nsalu ziwiri, chipande, ndi miphika iwiri yadothi imene amayi anandiumbira.

Pamasitolopo panali anthu amitundumitundu. Panali Ayao Achisilamu amene ankagulitsa mchere, nsalu ndi matemba ochokera ku Chilwa. Panali ife Alomwe, ambiri a ife Akhristu, obwera ndi nandolo, makaka (chinangwa chouma) ndi thonje kuchokera kwa Kaduya ndi kwa Mkhumba. Panalinso Amwenye m'masitolo mwawo. Tonse tinkakumana pa Chinyanja, aliyense akuchipotoza monga mwa lilime la kwawo, ndipo tinkamvana.

Malo odyera analipo awiri. Ena anali a bambo wina amene anakaphikirapo azungu ku Halale. Iyeyu ankagulitsa tiyi ndi masikono, ndipo pamabenchi ake pankakhala amuna okhaokha, ovala zipewa. Ena anali kuseri kwa msika, kumene ankaotcha nyama pafupi ndi mbiya za mowa. Konseko mayi wobereka mwana kumbuyo sakanalowako. Amayi ochokera kutali akagulitsa katundu wawo ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumatafuna makaka ouma, ana akulira, kudikira amuna awo kuti atsirize tiyi.

Nyumba yathu inayandikana ndi ya mayi wina wamasiye, Msilamu, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Anali ndi ana aakazi atatu ndipo ankawalera ndi zitumbuwa zimene ankakazinga pamsika. Anali wolankhula kwambiri, woseka mokweza, ndipo anandizolowera ndisanamuzolowere. Tsiku lina tikuchokera kuchitsime anaima n'kuloza kumtengo wa mango kuja ndi mlomo.

"Achemwali, mukuwaona anthu aja? Anyamuka tambala asanalire. Abwerera kwawo m'mimba muli makaka okha."

"Nanga titani?" ndinafunsa.

"Inu mumadziwa nandolo, ine ndimadziwa mpunga. Chatsala ndi denga."

Amuna anga sanakane. Iwo ndi mlongo wake wa mnzangayo anadzika mitengo m'mbali mwa msika, ife tinamweta udzu ndi kuzira pansi. Mabenchi sitinaike. Tinayala mphasa, chifukwa mayi wa mwana amafuna pokhala potambalala, poti mwana akwawe. Pakhomo tinaika mtsuko wa madzi akumwa ndi chikho, kuti ngakhale wosagula kanthu amwe.

Tinagwirizana zinthu zitatu tisanasonkhe moto woyamba: mowa usalowe, nkhumba isalowe, mbewa zisalowe. Mbuzi ndi nkhuku ankatichinjira ndi mwalimu wa pamzikiti, bambo wachikulire amene anali amalume ake a mnzangayo. Mnzangayo ankaphika mpunga ndi nyama kapena matemba. Ine ndinkaphika makaka ndi nandolo, futali wa mbatata, phala la ana, ndi kalongonda, nyemba zazikulu za kwathu zija zimene ukapanda kuziwiritsa tsiku lathunthu zimaledzeretsa. Lachisanu iye ankapuma, ine n'kugwira ndekha. Lamulungu ine ndinkapita kutchalitchi, iye n'kutsegula yekha.

Masiku oyamba amayi ankangosuzumira n'kudutsa. Ankaganiza kuti malo aliwonse okhala ndi denga ndi a amuna. Tsiku lachinayi ndinatopa nazo. Ndinatenga phala m'mbale, ndinapita kumtengo wa mango, n'kukhala pafupi ndi mayi wina wa kwa Kaduya amene mwana wake ankalira mosatonthola. Ndinamulankhula m'Chilomwe, ndinamutenga mwanayo n'kuyamba kumumwetsa. Atatha mbale ndinaimirira ndi mwana yemweyo m'manja n'kumapita kuchisakasa. Mayiyo analibe kuchitira mwina koma kunditsatira, ndipo anzake awiri anamutsatira. Pofika mwezi wotsatira mphasa zinachepa. Amuna ena anayamba kusiya tiyi wa kumabenchi n'kudzakhala ndi akazi awo, poyamba mwamanyazi, chakumapeto kwa mphasa, kenako osasamalanso.

Vuto linabwera Lachisanu lina m'nyengo yokolola nandolo. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, bambo wa ana awiri amene ankalima kwa Mkhumba, anafika panjinga chakumasana. Ndinamupatsa madzi n'kumupempha kuti andiyang'anire moto, ine ndithamangire kuchitsime. Kuchitsimeko ndinapeza mzere, ndipo ndinachedwa. Pobwerera, fungo linandichingamira ndisanafike n'komwe. Alamuwo anali atabwera ndi nyama ya nkhumba yokulunga m'masamba a nthochi, ndipo anali atatenga umodzi mwa miphika ya amayi ija n'kumaiphikiramo pamafuwa athu. Pakhomo panali pataima bambo wina wogulitsa matemba, Msilamu, amene ankadya kwathu pafupifupi tsiku lililonse. Anayang'ana mumphika, anayang'ana ine, n'kutembenuka.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndaphika ndiwo, alamu. Si moto wanu uwu?"

"Moto uwu ndi wa anthu awiri."

Sanaone cholakwa. Anati mphika ndi wa Mlomwe, nyama ndi ya Mlomwe, wodya ndi Mlomwe. Ndinachotsa mphikawo ndi manja anga n'kukauika kunja, koma nkhani inali itapita kale.

M'mawa mwake mnzanga anabwera koma sanalowe. Anaima padzuwa, panja pa denga limene tinafolera limodzi. Sanali kuseka.

"Achemwali, abale anga akuti ndisiye."

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikudziwa kuti simunachite dala. Koma amene amadya muno sadya mtima wanu, amadya za mumphika."

Ndinamuuza zimene amuna anga anali atanena, kuti nditsuke mphikawo ndi mchenga ndi phulusa, kasanu kapena kakhumi. Iye anapukusa mutu. Anati dothi limamwa mafuta, ndipo ngakhale nditautaya mphika umenewo, ndani angadziwe kuti ndataya uti? Miphika ya amayi inali yofanana ngati mapasa, ndipo ina yonse inkakhala nayo pamodzi, kuvundikirana ndi kubwerekana zipande.

Sabata imeneyo Asilamu sanabwere ngakhale mmodzi. Alomwe anabwera, koma chisakasa chinali chachete, ndipo mpunga panalibe wouphika. Ndinaganiza masiku atatu. Sindinakayike kuti ndichite chiyani, chimene chinkandivuta chinali miphika ya amayi. Pakamwa pake panali zidindo za zala zawo. Amayi anali atayamba kudwala maso, ndipo sindinkadziwa ngati adzaumbanso.

Tsiku la msika litafika ndinatulutsa miphika yonse isanu ndi umodzi, zipande ndi mithiko, n'kuziika pabwalo pamaso pa anthu. Ndinatuma uthenga kwa mwalimu kuti ngati angathe abwere. Anabwera, ndodo ili m'manja, n'kuima chapatali. Ndinanyamula mwala n'kuphwanya miphikayo umodziumodzi. Ya amayi ndinaisiyira kumapeto, ndipo poiphwanya sindinayang'ane munthu. Zipande ndinaziponya pamoto. Kenako ndinatenga khasu n'kukumba mafuwa onse atatu, n'kukawataya kudzala.

Anthu anaunjikana. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, mkazi wa mkulu wa mpingo, anandiyandikira n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndalowa Chisilamu.

"Ayi, mayi. Lamulungu mundipeza pamalo panga. Kunyumba kwanga ndidya zimene makolo anga ankadya. Koma muno ndinalonjeza, ndipo lonjezolo laswedwa pamoto panga."

Ananena kuti miphika yabwino ngati imeneyo bwenzi nditangomupatsa iye. Kunena zoona, maganizo amenewo sanandifikire. Koma ndikanaipereka, anthu akanati yapita kukabisala ndipo idzabwerera.

Alamu aja anamva mbiri yonse ali kwa Mkhumba ndipo anabwera atakwiya, akuti ndawachititsa manyazi pamsika. Amuna anga anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano, koma tsiku limenelo anaimitsa makina.

"Iwe, pamene unkadwala chaka chatha, ndani ankakuphikira phala?"

"Alamu."

"Ndiye mawa utenge njinga yakoyo, upite kwa Kaduya kwa amayi oumba aja. Azakhali ake a mayi woyandikana nafe apita nawe kuti akasankhe okha. Miphika isanu ndi umodzi. Ukaswa umodzi panjira ubwererenso."

Anapita. Azakhaliwo anali mayi wonenepa, sakanakwera pakaliyala pamodzi ndi miphika, choncho ulendo wobwerera anayenda pansi onse awiri, alamu akukankha njinga yomangidwa miphika yokutidwa ndi udzu. Anafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinadabwa kuwaona akucheza. Azakhaliwo anali atawafunsa za mbewu ya nandolo njira yonse, ndipo alamu pa nkhani ya nandolo sankatha mawu.

Tinaika mafuwa atsopano, tinaziranso pansi ndi dothi lakuda la kudambo. Mnzanga analowa, anagogoda mphika uliwonse ndi chala kumvera kulira kwake, n'kuyamba kutsuka mpunga. Tsiku loyamba anthu a kwawo sanabwere. Tsiku lachiwiri anabwera amayi awiri, anagula zitumbuwa n'kukadyera kunja. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, tinaona mwalimu akubwera ndi mkazi wake ndi zidzukulu zitatu. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pamphasa, n'kuitanitsa mpunga wa ana. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Mayi, ine mundipatse za kwanu zija. Makaka ndi nandolo."

Ndinawapakulira ndekha. Anadya pang'onopang'ono chifukwa mano anali atachepa, ndipo anthu odutsa ankawaona bwinobwino, pakuti anasankha kukhala pakhomo penipeni. Atatha anasamba m'manja n'kunena kuti mchere wachepa. Bambo wa matemba uja anabwerera sabata yotsatira ndipo sitinakambe za Lachisanu lija, iye kapena ine.

Nditapita ku Nkhulambe kukaona amayi ndinawafotokozera zonse, ndikuopa kuti akhumudwa. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati miphikayo inasweka msanga kapena inalimba. Ndinati wachiwiri unafuna kumenya katatu. Anasangalala nazo kwambiri ndipo anauza aliyense amene anabwera kudzacheza tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo ine ndi mnzanga tinadziwana mwa mtundu wina. M'mwezi wawo wosala kudya iye ankaphikabe usana wonse osalawa kanthu, ngakhale madzi, ndipo ine ndinkamulawira. Ankandipatsa chipande n'kumandiyang'ana pankhope kuti adziwe ngati ndikunena zoona. Nditakhala ndi pakati pa mwana wanga woyamba, fungo la matemba linkandisanzitsa, ndipo iye anasamutsira mphika wa matemba kuseri kwa chisakasa miyezi itatu, mvula ikumunyowetsa. Mkazi wa Mmwenye amene amuna anga ankasoka pakhonde pake anayamba kutuma mbale kuti timuikire nandolo, kenako tsiku lina anabwera yekha ndi ana ake awiri, atanyamula timapaketi ta zokometsera. Chinyanja chake chinali chochepa, choncho anangokhala pansi pafupi ndi moto n'kutionetsa ndi manja momwe kwawo amaphikira nandolo wosenda, wothira chikasu ndi adyo. Alomwe anati ndiwozo zaonongeka, Ayao anazikonda, ndipo tinayamba kuphika mitundu yonse iwiri.

Tinagwira limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Kenako mwana wake woyamba anakwatiwa kutali, chakumpoto kwa Chilwa, ndipo atabereka mapasa anaitanitsa amayi ake. Mnzanga anakwera lole ya matemba m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, akulankhulabe mpaka lole inakhota. Sanabwererenso kudzakhala, ngakhale tinaonana kawiri pamaukwati.

Malo ake anatenga mwana wake wachiwiri, amene panthawiyo anali atakwatiwa kale pamsika pomwepo. Mvula ya chaka chimenecho inagwetsa denga, ndipo tinamanga ndi njerwa zosaotcha, mawindo awiri ndi khonde lalitali. Mwanayo anali waukhondo kuposa mayi wake ndi ine tomwe, koma anali wachete modabwitsa. Tinkatha m'mawa wonse titangolankhulana mawu atatu kapena anayi. Ndinaganiza kuti sandikonda, mpaka mwamuna wake anandiuza kuti kunyumba amangokamba za ine. Panatha chaka ndisanamumve akuseka, ndipo tsiku limene anaseka chinali chifukwa mbuzi ya munthu wina inalowa n'kudya chipewa cha mkulu wa mpingo.