Mfuti Ziwiri ndi Ng'ona ya Padooko

Ntchito imeneyi ndinaipezera pa siteji ya minibasi pa Chitakale. Ndinkagulitsa nanazi, maganizo ali kumitambo monga mwa nthawi zonse, ndiye ndinangomva kuti gulu lothana ndi nyama zovutitsa anthu likufuna achinyamata othamanga. Ndinathamanga, ananditenga, basi n'kupezeka m'manja mwa a Namakhwa, mkulu wosanena chinthu kawiri.

Mfuti tinali nazo ziwiri, zonse za bawuti: umakweza kachitsulo, kukokera m'mbuyo, kukankha, kutsitsa, chipolopolo chalowa. Ina inali ya thunthu la mtengo, yosalala, yonunkhira mafuta. Ndinaikonda imeneyo, abale inu, mpaka kumailota. Inzakeyo inali ya pulasitiki wakuda, yopepuka ngati chidole. M'chilimwe tikamaziyesa pa katoni, ya mtengo inkaunjika mabowo oti n'kuwaphimba ndi chitsekerero cha botolo. Yakudayo inkamwaza pang'ono, ine n'kumaiseka.

Kenako kunagwa mvumbi wosatha. Phiri linasowa m'nkhungu, minda ya tiyi ikungoyandama. Uthenga unabwera kuchokera cha ku Milonde kuti ng'ona yang'amba mwendo wa mayi wina padooko. Mjigo wa m'mudzimo unali utafa, choncho amayi ndi ana ankatsikirabe komweko.

Ndinanyamula wokondedwa wanga uja. A Namakhwa anandipatsa kapepala kopichirira fodya.

"Tapititsa pakati pa mpope wa mfuti ndi thunthu lake."

Pa yakuda kanadutsa bwinobwino. Pa ya mtengo kanakakamira. Mtengo unali utamwa chinyezi, n'kufufuma, n'kumakankha mpope. Titaiyesa kuseri kwa chulu, kutali ndi mtsinje, chipolopolo chinapatuka mulingo wa chikhatho. Mtima unandiwawa, kunena zoona.

"Ng'ona saiwombera kawiri," anatero a Namakhwa. "Ukaphonya ubongo imamira, n'kudzabwera itachenjera. Maso angawa m'nkhungu yotere sindiwakhulupirira. Uwombera ndiwe."

Mayo ine! Ndinagona chafufumimba m'matope, yakuda ija ili paphewa. Mtsinje unkafuka ngati madzi osamba. Sindinkadziwanso pothera madzi ndi poyambira thambo. Kumtunda amayi anaima ndi zidebe zawo, zii, ngati anthu a m'maloto. Ndiye pamchenga patsidya, chimene ndinkayesa chipika chinaphethira.

Ndinalunjikitsa kamtanda ka m'galasi loyang'anira la mfuti kuseri kwa diso la ng'onayo, ndinatulutsa mpweya pang'onopang'ono, n'kufinya chala. Phuu! Mchira unagwedera, kenako bata.

Palibe anaululutira. Mayi wina wachikulire anatsika, kamdzukulu kali kumbuyo, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Titunge, mwanangu?"

"Tungani, mayi."

Mpaka lero anthu akandifunsa kuti mfuti yolunjika kwambiri ndi iti, ndimayamba ndawafunsa kuti kunja kwacha bwanji. Imene inalasa dzulo uyenera kuifunsanso lero, chifukwa ukaphonya, wolipira si iwe. Ndi mwana amene akubwera ndi chidebe mawa m'mawa.