Nsapato zanga pa khonde la eni

Nditayamba kutsatsa nsapato za kaunjika pa intaneti, ndinkachita manyazi ndi nyumba yathu ya ku Mgona. Simenti inali yong'ambika, khoma lopanda pulasitala. Choncho Loweruka lililonse ndinkanyamula nsapato popita ku 25, kwa mayi ena amene ndinkawachapira zovala. Khonde lawo linali la matailosi, geti lobiriwira. Akachokapo, ndinkandandalika nsapato pakhondepo n'kujambula.

Zithunzi zinkatuluka zokongola, koma kumene ndinkapezeka sindinkalembako. Wofunsa ndinkangomuyankha kuti tidzakumana pa siteji, ndipo ambiri ankathera pomwepo.

Tsiku lina masana ndinamva odi. Anali mayi aja, atatsogolera mtsikana wina wogwira ntchito ku Kanengo. Iyeyu anazindikira getilo pa chithunzi, poti mkulu wake amakhala mumsewu womwewo, ndiye anakagogoda. Mayiwo sanandikalipire. Anangoti anali atabweza kale anthu angapo, poganiza kuti asochera.

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayala thumba pansi n'kukhuthulapo nsapato. Mtsikanayo anakhala pa chigubu, kuyesa iyi, kuyesa iyo, khoma lija osaliyang'ana n'komwe. Anasankha mapeya awiri.

Potuluka anaima pakhomo, akupukusa mutu. "Achemwali, inetu ndimakhala kuseri kwa mpopi uko. Mwandikweretsa minibasi mpaka ku 25, chonsecho timatunga madzi pamodzi?"

Tsiku lomwelo ndinajambula nsapato zotsala pa thumba lija, n'kulemba pansi pake kuti: Mgona, pafupi ndi mpopi.