Phokoso la pa Khonde la a Chidendene

Chimene chinkawasowetsa mtendere a Chidendene si kumwalira kwa akazi awo kokha ayi, koma kuti anayamba kuiwala mawu awo. Nkhope sinavute, chithunzi chinalipo pakhoma. Koma akati akumbukire mmene mayiwo ankaitanira munthu, kapena mmene ankasekera, m'mutu munkangoti zii. Ankadziwa ndithu kuti mawuwo anali olemera pang'ono, ndiponso kuti akakwiya ankathamanga, koma kudziwa si kumva.

Dzina la Chidendene anawapatsa ndi makasitomala. Bambowa ankasoka nsapato pa khonde la sitolo yogulitsa utoto, ndipo munthu akabwera ankayamba ayang'ana kumapazi asanapereke moni. Ankati chidendene cha nsapato sichinama: chikadyeka kunja ndiye kuti mwini wake ndi wothamanga mtima, chikadyeka mkati ndi wamanyazi, chikadyeka paliponse ndi mlova woyendayenda. Zoona kapena zabodza, anthu ankaseka n'kusiya nsapato zawo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo ali mnyamata, ndipo sanagwirepo ina. Mpando wawo unali bokosi lathabwa, mkati mwake muli ulusi, guluu, timisomali, zidutswa za matayala ndi polishi wouma amene sankafuna kumutaya.

Kumapeto kwa khonde lomwelo kunkakhala akazi awo, telala wa masiketi a sukulu ndi zigamba. Awiriwa ankakangana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo mkangano wake unali wopanda mutu: ndani watenga sizasi, ndani anaiwala ambulera, mvula ibwera kapena ayi. Mwini sitolo ankati sagula wailesi chifukwa ali nayo kale pakhonde. Anthu osawadziwa ankaganiza kuti banjalo latsala madzi amodzi, osadziwa kuti ndi mmene linkapumira.

Mayiwo atamwalira, a Chidendene anabwerera pakhonde msanga kuposa mmene abale ankayembekezera. Ankasoka, ankamata, ankakhoma, koma nthabwala za zidendene zinatha. Tsiku lina mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anadutsa pochokera kuntchito, ndipo bambowo anamufunsa ngati mufoni yake muli mawu a amayi ake.

"Ndafufuza kale, ababa," anatero mwanayo. "Amayi ankadana ndi foni. Ukawaimbira ankangoti 'ndamva' n'kudula. Koma paja kunabwera anthu a ku yunivesite aja kudzakujambulani mawu? Amayi sanali pomwepo?"

A Chidendene anaika nyundo pansi. Analipo ndithu!

Nkhani yake inali yotere. Boma linapereka thandizo ku yunivesite kuti asonkhanitse mawu a anthu a ntchito zamanja, osoka, osula, opala matabwa, n'kuwasunga m'makompyuta, kuti mayina a zida ndi kayankhulidwe ka anthu otere zisafe nawo limodzi. Ankatinso makompyutawo aphunzirepo kumva chiyankhulo chathu. Ndiye kunabwera mayi wina wofufuza, wamagalasi, ndi kachipangizo kojambulira mawu, nakhala pakhonde mmawa wonse. A Chidendene tsiku limenelo anavala jekete ngakhale kunkatentha. Anafotokoza zonse, za chikopa, za soli, za mmene amapotera ulusi, ndipo kwa masabata angapo aliyense wobwera ndi nsapato ankauzidwa kuti mawu awo tsopano ali m'manja mwa boma. Akazi awo anali pamakina awo, mikono iwiri yokha kuchokera pa kachipangizoko. Munthu wosatha kukhala chete ngati uja, akanalephera bwanji kulowamo?

Mmawa wotsatira sanatsegule bokosi. Anapukuta nsapato zawo, zimene kawirikawiri zinkakhala zomvetsa chisoni kuposa za makasitomala, nakwera basi. Ku yunivesite anasochera m'makonde ataliatali onunkha sopo wokolopera, mpaka mlonda wina anawalondolera ku chipinda cha pansi, kuseri kwa laibulale. Munali matebulo awiri, makompyuta, makatoni a makaseti akale ounjikana mpaka pawindo, ndi fani yozungulira mwaulesi. Mayi wamagalasi uja anawazindikira nthawi yomweyo.

"Bambo a nsapato! Takulandirani. Amayi ali bwanji kunyumba?"

Anamuuza. Mayiyo anavula magalasi, napepesa, nawakokera mpando. Atamva chimene abwerera anangogwedeza mutu, nayamba kufufuza pakompyuta. Kenako anawaveka mahedifoni.

Mawu anabwera, omveka bwino ngati munthu ali m'chipinda chotseka. Anali a iwo eni, a Chidendene, akufotokoza za guluu mwaulemu wa pamsonkhano. Anamvetsera, akudikira. Panalibe galimoto yodutsa, panalibe wogulitsa malonda wokuwa, panalibe kulira kwa makina osokera. Khonde lonse linali litasesedwa, n'kutsala munthu mmodzi akudziyankhulira yekha. Kenako anavula mahedifoniwo.

"Mayi, apa si pakhonde panga. Anthu ena aja ali kuti?"

Wofufuzayo anazindikira, ndipo nkhope yake inagwa. Anafotokoza mosabisa. Mawu akajambulidwa amawayeretsa kaye. Kompyuta imasankha munthu amene akufunsidwayo, n'kuchotsa china chilichonse, chifukwa makina ophunzira chiyankhulo amasokonezeka mawu akapiringizana. Ndi mmene amachitira ndi aliyense, ndipo ntchitoyo amaitcha kuchotsa phokoso.

"Phokoso," anabwereza a Chidendene. Sanakwiye. Iwonso akamamata soli amayamba apala dothi lonse, apo ayi guluu sagwira. Anangomva chisoni chachikulu, chonga cha munthu amene wafika pa siteji basi itangonyamuka. Anayamba kufunafuna chipewa chawo, akuti madzi akatayika saoleka.

"Dikirani kaye, bambo," anatero mayiyo. "Zosayeretsa sititaya dala, koma sitizisunga muno. Zimakhala kwina, ndipo zina zinaonongeka pamene tinkasamutsa. Sindikulonjezani. Mungadikire?"

Anadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosoka nsapato kudekha ndiye ntchito yake. Mayiyo anaimba foni, anatuluka, anabwera ndi kabokosi kakuda kokhala ndi chingwe, anakalumikiza, kanakana, anayesanso. Dzuwa linasuntha kuchoka pa makatoni kufika pa tebulo. Kunja ophunzira ankadutsa akuseka. A Chidendene anakhala manja ali pamaondo, akuwerenga malemba a pamakatoni osawamvetsa, ndipo mumtima ankadzikonzekeretsa kubwerera chimanjamanja.

"Ndazipeza," anatero mayiyo motsitsa. "Sindinazimvetsere. Ndikusiyeni nokha?"

"Khalani, mayi. Mwina ndingadine polakwika."

Ulendo uno khonde linabwera lonse nthawi imodzi. Lole inadutsa, wina anakuwa kuitana mnzake, chitseko cha sitolo chinalira, makina osokera ankagogoda chapafupi. A Chidendene a pa tsikulo anayamba kufotokoza kuti nyundo yawo inali ya malume awo, yakale kuposa msewu womwewo. Pomwepo makina anaima.

"Abambo inu, musanamize anthu a boma. Nyundo ya amalume anu munaitaya pa ukwati wa mng'ono wanu, mutaledzera. Iyo ndinakugulirani ine."

Kenako kuseka. Kuseka kuja kokhala ngati kutsamwa, kothera m'mphuno. A Chidendene anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawuwo sanali olemera monga ankaganizira, anali opepuka, achitsikana pafupifupi. Anali atawaiwaladi, ndipo tsopano anabwerera onse, moti anadabwa kuti zinatheka bwanji kuwaiwala. Misozi inatsika osaipukuta.

M'mahedifonimo wofufuza uja ankasekanso, ndipo anafunsa mayiwo kuti anadziwana bwanji ndi bambowa.

"Iii, mwanawe, imeneyo ndi nkhani. Ine ndinabwera ndi nsapato imodzi, inzake nditasiya dala kunyumba, chifukwa ndinkafuna kuti..."

"Amayi inu, takhalani chete!" Awa anali mawu a a Chidendene, akuthwa, a munthu wovala jekete. "Anthuwa abwerera ine. Mukuwaonongera ntchito."



"Pepani, abwana," anatero mayiwo, mwachipongwe pang'ono, koma mwachipongwe chokhala ndi bala pansi pake. Makina anayambanso kugogoda.

A Chidendene anali ataiwaliratu kuti ananena zimenezo. Anamvetsera mpaka kumapeto, za ulusi, za chikopa, za mitundu ya zidendene, akuyembekezera kuti mwina mayiwo alowereranso monga mwa chizolowezi chawo. Sanalowererenso. Pa zaka zonse za ukwati wawo, limeneli ndi tsiku lokhalo limene anauzidwa kuti akhale chete iwo n'kumvera. Ndipo nkhani ya nsapato imodzi ija, bambowa sanaimvepo. Ankadziwa kuti mtsikana anabwera ndi nsapato imodzi, inde, koma moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti inzake inali yabwinobwino.

Anavula mahedifoni nawaika patebulo mosamala. Wofufuzayo anali atamva zonse kuchokera pomwe anakhala, pakuti mawu ankatulukira kunja kwa mahedifoniwo, ndipo ankayang'ana pansi.

"Ndikuikirani zonse mufoni ya mwana wanu," anatero. "Monga mmene zilili, osachotsa kanthu."

A Chidendene anasisita chala chawo chachikulu chokakala ndi guluu.

"Mayi, ndifunse. Makina anuwa anatha kuchotsa iwo n'kusiya ine. Sangathe kuchotsa ine n'kusiya iwo?"

"Angathe, bambo. Koma mudziwe kuti zotsala zikhala zochepa kwambiri. Mawu owerengeka chabe."

"Ndikudziwa," anatero a Chidendene. "Ndi omwe ndinawalola kunena."