Ndowa ya madzi pa suti ya a Kamwendo

Ndikukumbukira mwezi wa Epulo ndili mu Sitandade 5, mvula itangoleka kumene koma kutentha kwa ku Senga Bay kusanagonje. Amayi ankachapa ndi kusita pa loji ina, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita komweko kukawadikira. Malo anga anali kuseri kwa khitchini, pa kreti ya mabotolo, pomwe fungo la adyo ndi tsabola linkakumana ndi la sopo wochapira.

M'khitchinimo munali mayi wina wa ku Thailand amene mwini loji, mzungu wokhala ku Lilongwe, anabwera naye kuti aziphikira alendo. Tinkawatchula kuti Anti Noyi. Antchito ena ankangoti Mtchaina, ngakhale Anti Noyiwo anali atatopa nako kufotokoza kuti kwawo si ku China. Anali aafupi, oseka msanga, Chichewa chawo chothyokathyoka koma chomveka. Ankandipatsa nthochi zokazinga, ndipo tsiku lina anandilawitsa msuzi wa tsabola umene unandiliza ngati ndamenyedwa.

Manijala wa lojiyo anali a Kamwendo, bambo wovala suti ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankadana nawo Anti Noyi chifukwa za m'khitchini sizinkadutsira mu ofesi mwawo. Aliyense ankadziwa kuti akungofuna pogwira.

Masana ena ndinapeza Anti Noyi atathyola maluwa oyera onunkhira a mtengo wa pabwalo, akuwaika m'kambale konyezimira ka madzi. Anandiuza kuti kwawo tsikulo ndi chaka chatsopano, amati Songkran. Akuti dziko lonse limatuluka m'misewu ndi ndowa, kuthirana madzi kuti tsoka la chaka chatha likokoloke. Apolisi, aphunzitsi, mabwana, onse amanyowa, ndipo palibe wokwiya. Koma akuluakulu sawakhuthulira ndowa. Umawagwadira, n'kuwathira pang'onopang'ono madzi a maluwa m'manja, iwo n'kukudalitsa. Mayi awo anali kutali, ndiye anapempha amayi anga kuti akhale pampando m'malo mwawo.

Amayi anakana kaye, akuseka mwamanyazi, kenako anapukuta manja pachitenje n'kukhala. Anti Noyi anagwada pasimenti yotentha ija n'kuyamba kuthira. Ine kukamwa kunali yasa. Kwathu wogwada ndi madzi osamba m'manja ndinali ine, ndipo chibadwire ndinali ndisanaone munthu wamkulu akugwadira amayi anga, mayi wochapa zofunda za anthu ena, manja ong'ambika ndi sopo. Mtima wanga unadzaza, ndinanyada kwambiri tsiku limenelo.

A Kamwendo anatulukira pomwepo. "Zithumwa pantchito pano? Kuno si kwanu, mwamva?" anakalipa choncho, n'kulanda kambale kaja, kukhuthulira madzi ndi maluwa omwe m'ngalande ya madzi otsukira mbale. Amayi anadzambatuka pampando ngati agwidwa akuba. Anti Noyi anatsala chigwadire, akutola maluwa awo m'matope limodzilimodzi, misozi ili mbwembwembwe.

Sindinama kuti ndinasokoneza mwambo. Ndinali nditamva bwino lomwe kuti akuluakulu amathiridwa m'manja mokha. Ndinanyamula ndowa ya madzi otsukuluzira zofunda, yodzaza thovu, n'kuwatsatira bamboyo kumaso kwa loji, komwe ankalandira alendo otsika m'minibasi. Ndinakwera pa kakhoma ka maluwa kumbuyo kwawo, n'kuwakhuthulira yonse kuyambira pa dazi mpaka m'nsapato. "Chaka chabwino chatsopano, abwana!" ndinakuwa ndi mawu anga onse. Azungu awiri anaomba m'manja, mwina poganiza kuti ku Salima timalandira alendo motero.

Mu ofesi, a Kamwendo anakhala atafunda thaulo la alendo m'mapewa, madzi akudonthabe m'makutu. Anauza amayi kuti mwana ngati ine sangaganize yekha zoterezi. Ndingonena kuti wandituma ndi Mtchaina uja, iwo aimbira foni mwini loji, nkhani ithere pomwepo. Ndikapanda kutero, amayi asabwerenso mawa.

Amayi anandikokera panja n'kundigwira phewa mwamphamvu. "Esinati, tamvera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iwowa ali ndi kwawo. Nanga ife tidya chiyani?" Sankanena mwankhanza. Abambo anali atamwalira, ana tinalipo atatu, ndipo ntchito inali yomweyo basi. Zonsezi ndinkazidziwa pobwerera mu ofesimo.

"Wakutuma ndani?" anafunsa a Kamwendo.

"Palibe. Ndadzituma ndekha."

Anafunsa katatu, ine ndinayankha chimodzimodzi katatu. Kenako anati ndigwade ndipepese.

"Muyambe ndinu kukapepesa kwa Anti Noyi," ndinatero.

Amayi anagwira kumutu. Tinatuluka pageti dzuwa likadali pamutu, iwo patsogolo atanyamula kajumbo ka zovala zawo zantchito, ine m'mbuyo. Titafika kunyumba anathyola shamu, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kuti manja ochapa ali ndi mphamvu. Ndinalira mpaka mawu kusasa, koma atandifunsa ngati tsopano ndikanene zomwe abwana akufuna, ndinapukusa mutu.

Anti Noyi anayesa kutichonderera kwa mwini loji, koma a Kamwendo anali atafika kale ndi nkhani yawo, ndipo alendo anaonadi mwana wa wochapa akunyowetsa manijala. Amayi sanabwererenso. Anayamba kukaoda mpunga kwa Maganga n'kumagulitsa pamsika, ndipo miyezi yoyambayo tinkadya kamodzi patsiku. Mlongo wanga wamng'ono ankati akamva njala amandiyang'ana ine. Anti Noyi anakhala pa loji paja zaka zina ziwiri, ndipo mpunga wa pakhomo pawo sankagula kwa wina aliyense koma kwa amayi basi. Chaka chotsatira, Epulo atafika, anabwera kwathu ndi kambale kena, amayi n'kukhala pa mpando wawo, pakhomo pawo, popanda wowadzidzimutsa.

Lero zinthu zinasintha. Ana a masiku ano amathirana madzi pa tsiku lobadwa, ndipo palibe amene amatchula za zithumwa. Chaka chatha ana anga omwe anandidikirira pageti ndi mabeseni, amayi ali pakhonde kuseka mpaka kutsokomola. Atatha kuseka anandikumbutsa, monga amachitira chaka chilichonse, kuti makani anga anatigonetsa ndi njala. Sindiwatsutsa, n'zoona, ndipo zimandipwetekabe. Kwa amayi ndapepesa kosawerengeka, nditagwada ndithu. Koma a Kamwendo ndimakumana nawo kumsika, atakalamba, akuyendera ndodo. Ndimawapatsa moni mwaulemu wonse, ndimawafunsa za kunyumba, nthawi zina ndimawanyamulira katundu mpaka pa kabaza. Kupepesa kokha ayi. Ndikudikirabe kuti ayambe ndi iwo.